Anzawo amene sanawaonepo ndi maso: achinyamata ndi maubwenzi a pa intaneti

Pafupifupi mwana aliyense amakula akumva langizo lakuti asamalankhule ndi munthu amene sakumudziwa. Langizoli ndi loyenera kwa mwana wamng'ono amene ali yekha panjira, koma limayamba kuperewera mwanayo akafika zaka 14 kapena 16 n'kukhala ndi chinthu chimene chamulowa mumtima, kaya ndi nyenyezi, masamu, mbalame, kujambula, tchesi kapena kulemba mapulogalamu a kompyuta. Wachinyamata wotere kawirikawiri amakhala yekha pa chidwi chakecho. M'kalasi yonse mwina mulibe wina amene amafuna kudziwa chifukwa chimene milalang'amba ina imaoneka yopiringizika pamene ina ili yobulungira, ndipo kunyumba amamumvetsera mwachikondi koma sangathe kumuyankha. Anthu amene angamuyankhe alipo ambirimbiri, kungoti ali kutali, ndipo onsewo ndi alendo kwa iye. Akatsatira langizo lija ndendende, adzitsekera khomo la kumene kuli anthu amene akanamumvetsa. Akalitaya lonse, adzipereka m'manja mwa aliyense amene angabwere. Maganizo anga ndi akuti kufunsa ngati munthuyo ndi mlendo kapena ayi sikuthandiza kwenikweni. Chimene chimasiyanitsa ubwenzi womanga ndi ubwenzi wowononga ndi nkhani imene anthuwo akukambirana komanso malo amene akukambiranawo, ngati ali poyera kapena kumbali.

Zimenezi zikuchitika kale, ndiponso mochuluka. Bungwe la UNICEF linanena mu 2017 kuti mwa anthu atatu alionse ogwiritsa ntchito intaneti padziko lonse, mmodzi ndi mwana wosakwana zaka 18. Kafukufuku amene bungwe la Pew Research Center linachita ku America n'kufalitsa mu 2015 anapeza kuti achinyamata 57 mwa 100 alionse a zaka za pakati pa 13 ndi 17 anali atapezapo mnzawo watsopano pa intaneti, pamene 20 okha mwa 100 ndi amene anali atakumanapo maso ndi maso ndi mnzawo wotere. Kutalikirana kwa manambala awiriwa kukusonyeza kuti maubwenzi ambiri amtunduwu amayambira pa intaneti n'kukhazikika pomwepo, popanda wina kukwera galimoto kukaona mnzake.

Kufunafuna mlendo wa chidwi chofanana ndi chako si khalidwe limene linabwera ndi makompyuta. Mu January 1913, Srinivasa Ramanujan, amene anali kalaliki pa doko la ku Madras m'dziko la India, analembera kalata katswiri wa masamu wa ku Cambridge, G. H. Hardy, munthu amene sanamuonepo, n'kuikamo masamu amene anatulukira yekha. Hardy anazindikira luso limene linali m'kalatayo, ndipo chaka chotsatira Ramanujan anali ku Cambridge. Kwa zaka zambiri ana asukulu ankalemberananso makalata ndi anzawo a m'mayiko ena, ndipo okonda mawailesi olankhulirana ankacheza usiku ndi anthu a kutsidya kwa nyanja amene ankangowadziwa ndi mawu. Chimene intaneti yasintha ndi liwiro, kuchuluka kwa anthu, ndi kuphweka kwa kupezana. Kalata inkatenga masabata ndipo inkadutsa m'manja mwa anthu a pakhomo, pamene uthenga wa lero umafika nthawi yomweyo m'chipinda chogona, popanda wina wouona.

Gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Mizuko Ito, limene linatulutsa zotsatira zake mu 2008 litaphunzira mmene achinyamata a ku America amagwiritsira ntchito intaneti, linasiyanitsa mitundu iwiri ya kucheza. Mtundu woyamba umayendera ubwenzi umene ulipo kale: wachinyamata amacheza ndi anzake a kusukulu ndi a moyandikana, ndipo intaneti imangopitiriza macheza a masana. Mtundu wachiwiri umayendera chidwi: wachinyamata amapita kumene kuli anthu okonda chinthu chomwecho, posatengera kuti ndi a kuti kapena a zaka zingati. M'magulu a mtundu wachiwiriwu ulemu umabwera chifukwa cha zimene munthu akudziwa ndi zimene wapanga. Aaron Swartz anali ndi zaka 14 mu 2000 pamene analowa m'gulu la akatswiri amene analemba ndondomeko ya RSS 1.0, njira imene masamba a pa intaneti amafalitsira nkhani zawo zatsopano, ndipo chimene chinamulowetsa ndi kulemera kwa mfundo zimene ankalemba. Kwa wachinyamata amene kulikonse amauzidwa kuti adikire akule kaye, kupeza malo amene ntchito yake imaweruzidwa monga ntchito ya munthu wina aliyense ndi chinthu chachikulu kwambiri, ndipo akuluakulu amene amanyoza zimenezi ngati kutaya nthawi sadziwa chimene akunyoza.

Pa nkhani ya zolinga za m'tsogolo, phindu la mlendo limaonekera bwino kwambiri. Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Mark Granovetter, anafika pa mfundo yofanana mu 1973 atafunsa anthu a kufupi ndi mzinda wa Boston za mmene anapezera ntchito. Ambiri anamva za ntchitoyo kwa anthu amene ankaonana nawo mwa apo ndi apo, osati kwa anzawo apamtima. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: anthu amene timakhala nawo tsiku ndi tsiku amadziwa zimene ifenso tikudziwa, pamene wakutali amadziwa zina. Mtsikana amene akufuna kudzakhala katswiri wa zakuthambo, ngati m'banja mwake mulibe amene anadutsapo njira imeneyo, sangadziwe maphunziro oyenera kulimbikira, mipikisano imene ilipo, kapena zimene katswiriyo amachita kwenikweni akafika kuntchito m'mawa. Wophunzira wa kuyunivesite amene wamutsogolera ndi zaka zinayi zokha angathe kumuuza zonsezi m'mayankho awiri kapena atatu, ndipo chinthu chimene chinali loto chabe chimasanduka njira yokhala ndi masitepe odziwika.

M'munda wa sayansi muli zitsanzo zimene zimasonyeza mmene kukumana kumeneku kumayendera kukakonzedwa bwino. Mu 2007 akatswiri a ku yunivesite ya Oxford anayambitsa Galaxy Zoo, n'kupempha anthu wamba kuti athandize kugawa m'magulu zithunzi za milalang'amba pafupifupi miliyoni imodzi malinga ndi maonekedwe ake. M'chaka chomwecho mphunzitsi wa ku Netherlands, Hanny van Arkel, anaona kanthu kachilendo pa chithunzi china n'kufunsa anzake kuti n'chiyani. Palibe amene ankadziwa, ndipo mtambo wa mpweya umenewo, umene akatswiri anaufufuza pambuyo pake ndi makina akuluakulu oonera zakuthambo, lero umatchedwa ndi dzina lake. Ntchitoyi inakula n'kukhala Zooniverse mu 2009, tsamba limene anthu wamba amathandizirapo ofufuza pa ntchito zosiyanasiyana. Pa imodzi mwa ntchito za Zooniverse anthu ongodzipereka amayang'ana mmene kuwala kwa nyenyezi kumatsikira chinthu chikadutsa kutsogolo kwake, ndipo mu 2019 Wolf Cukier, mnyamata wa zaka 17 amene ankaphunzira ntchito ku bungwe la NASA, anali kupenda zimene anthu amenewa anaika chizindikiro pamene anapeza pulaneti lozungulira nyenyezi ziwiri, lotchedwa TOI 1338 b. Anthu amene anamukonzera njirawo sanali kuwadziwa, ndipo iwonso sanali kumudziwa. Chimodzimodzinso ndi Foldit, masewera a pakompyuta opinda mapuloteni amene anayambira ku University of Washington mu 2008: mu 2011 osewera anatulukira m'masabata ochepa kapangidwe ka puloteni ina ya kachilombo kamene kanasautsa asayansi kwa zaka zoposa khumi.

Chitsanzo chimene ndimachiona kuti chimaphunzitsa zambiri ndi cha iNaturalist, chimene chinayamba mu 2008 ngati ntchito ya ophunzira a ku yunivesite ya ku Berkeley ku America. Wachinyamata amajambula kachilombo, duwa kapena mbalame, n'kuika chithunzicho pamodzi ndi tsiku ndi malo, kenako amapereka dzina limene akuganiza. Anthu ena amabwera, ena mwa iwo akatswiri enieni, n'kuvomereza kapena kutsutsa, ndipo wotsutsayo nthawi zambiri amafotokoza chifukwa: taonani mizere ya paphiko, werengani masamba a duwalo, jambulaninso kunsi kwa tsamba. Opereka mayina oposa magawo awiri mwa atatu akagwirizana, chithunzicho chimalandiridwa monga umboni umene ofufuza angagwiritse ntchito. Pamenepa wachinyamata walankhula ndi alendo anayi kapena asanu, wadzudzulidwa, waphunzira kuyang'anitsitsa, ndipo wathandiza sayansi, komabe palibe amene wamufunsa kumene amagona kapena maonekedwe ake. Maso a onse anali pa kachilomboko. Ndiponso tsambali limalola munthu kubisa malo enieni amene anajambulira, chinthu chofunika kwa amene wajambula pakhomo pake.

Okonza malo otere ena anaganizira mwadala za ana. Scratch, imene inayambira ku yunivesite ya MIT ku America mu 2007 kuti ana aziphunzira kulemba mapulogalamu, imalola mwana kutenga ntchito ya mnzake n'kuisintha, ndipo dzina la woyambitsa limaonekerabe, koma ilibe njira yotumizirana mauthenga achinsinsi: mawu onse amalembedwa poyera pamene aliyense angawaone. Lichess, tsamba laulere la tchesi limene linayamba mu 2010, lili ndi njira yozimitsira macheza onse kuti mwana azingosewera. Art of Problem Solving, imene Richard Rusczyk anayambitsa mu 2003, yakhala malo amene achinyamata a m'mayiko ambiri amakonzekererako mipikisano ya masamu pothetsera limodzi mafunso ovuta. N'zoona kuti mwayi umenewu sunagawike mofanana, popeza bungwe la ITU, la United Nations loona za mafoni ndi intaneti, linawerengera kuti mu 2023 anthu pafupifupi 2.6 biliyoni anali asanalumikizidwe ku intaneti, ndipo ambiri mwa malo amenewa amayendera Chingelezi.

Pali zifukwa zimene zaka za unyamata zimakokera munthu ku maubwenzi otere. Iyi ndi nthawi imene munthu amafufuza kuti iye ndi ndani kunja kwa banja lake, ndipo mawu a anthu ena amamulemera kuposa kale. Mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imathandiza kulingalira zotsatira ndi kudziletsa, imapitiriza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20, pamene chilakolako cha zatsopano ndi cha kuyamikiridwa chimakhala chitafika kale pachimake. Katswiri wa za maganizo, John Suler, anafotokoza mu 2004 kuti anthu akakhala kuseri kwa kompyuta, osaonana nkhope, amamasuka kunena zimene sakananena pamaso. Kumasukaku kuli ndi mbali yabwino, chifukwa mwana wamanyazi amene sangakweze dzanja m'kalasi amatha kufunsa funso lake ndi kuonetsa ndakatulo yake. Koma kumasuka komweko n'kumene kumachititsa kuti aulule zamumtima kwa munthu amene wamudziwa masiku ochepa, ndiponso kuti ena alembe mawu ankhanza amene sakanayerekeza kuwalankhula.

Apa m'pamene pali ngozi, ndipo siyenera kuchepetsedwa. Munthu wamkulu amene akufuna kugwiritsa ntchito mwana molakwika sabwera ndi nkhope yoopsa. Amalowera pa khomo lomwelo la chidwi: amayamikira chojambula cha mwanayo, amamuthandiza funso la masamu, amamuuza kuti ndi wanzeru kuposa msinkhu wake ndipo anthu a kwawo sakumumvetsa. Kenako nkhani imasuntha pang'onopang'ono. Mafunso amachoka pa chojambula n'kupita pa wojambulayo: uli ndi zaka zingati, makolo ako amagona nthawi yanji, uli ndi chibwenzi kodi. Amapempha kuti achoke pagulu akachezere kumbali, pa pulogalamu ina imene mauthenga ake amafufutika okha. Amapereka mphatso, kaya ndi ndalama, zinthu za m'masewera a pakompyuta kapena lonjezo la mwayi wa maphunziro, n'cholinga choti mwanayo azimva kuti ali ndi ngongole. Pomaliza amabweretsa chinsinsi, ndi mawu akuti zimenezi zikhale za awirife. Sitepe iliyonse payokha imaoneka yaing'ono, n'chifukwa chake ngakhale wachinyamata wochenjera sazindikira pamene zinthu zinasinthira.

M'zaka zaposachedwa kwafala mtundu wina wa nkhanza umene sutenga nthawi n'komwe. Wachifwamba amadzionetsa ngati mtsikana kapena mnyamata wa msinkhu womwewo, amanyengerera wachinyamata kuti atumize chithunzi chamaliseche, ndipo nthawi yomweyo amayamba kumuopseza kuti akapanda kulipira ndalama chithunzicho chifika kwa achibale ndi anzake onse. Mu December 2022 bungwe lofufuza milandu la FBI ku America linachenjeza kuti m'chaka chimodzi chokha ana osachepera 3,000, ambiri a iwo anyamata, anachitiridwa zimenezi, ndipo oposa khumi ndi awiri anadzipha. Chida chachikulu cha achifwambawa ndi manyazi a mwanayo ndi mantha ake akuti akaulula adzalangidwa.

Zilipo ngozi zina zosaoneka msanga. Wachinyamata amene amangoona anzake a m'mayiko ena akulengeza mendulo, malo a kuyunivesite zotchuka ndi ntchito zawo zomalizidwa bwino, osaona zolephera zimene zinatsogola, angathe kutaya mtima n'kusiya chinthu chimene ankachikonda. Pali onyenga amene amalonjeza thandizo la maphunziro n'kupempha ndalama zolembetsera kapena zikalata za munthu. Pali amene amalankhula za sayansi molimba mtima koma zabodza, ndipo mwana amene wangoyamba kumene sangathe kusiyanitsa. Palinso magulu amene amayamba ndi masewera kapena nthabwala, n'kumalowetsa pang'onopang'ono chidani pa akazi kapena pa mitundu ina ya anthu, mwakuti amene analowa pofuna anzake amapezeka akulankhula zimene sanaganizepo.

Tikaika zitsanzo zabwino zija pambali pa zoipazi, kusiyana kwake kumaonekera pa zinthu zimene wachinyamata mwiniwake angathe kuziona. Mu ubwenzi wabwino nkhani imakhalabe pa chinthu chimene chinawakumanitsa, ndipo ngakhale macheza atakula n'kufika pa za moyo, chinthucho sichisowa. Munthu wamkulu wa zolinga zabwino amayankha poyera pamene ena angathe kumukonza akalakwitsa, amakondwera mwanayo akapeza aphunzitsi ena, ndipo sadandaula akamva kuti makolo akudziwa za macheza awo. Kunena zoona, ambiri a iwo amafuna zimenezo kuti nawonso atetezeke. Wa zolinga zoipa amafuna kukhala yekha m'moyo wa mwanayo, amakwiya akachedwa kuyankhidwa, amafulumizitsa zinthu, ndipo amanyoza anthu a pakhomo. Sindikunena kuti uthenga uliwonse wa kumbali ndi woipa, pakuti achinyamata awiri a msinkhu umodzi amene akulemba pulogalamu limodzi adzafunikadi kulankhulana okha. Koma pempho lochoka pagulu likabwera limodzi ndi pempho losunga chinsinsi, makamaka kuchokera kwa wamkulu, palibenso chifukwa chodikira chizindikiro china.

Maboma ayesa kuyankha nkhaniyi makamaka poika malire a zaka. Lamulo la ku America la COPPA, la mu 1998, limaletsa makampani kutolera zambiri za ana osakwana zaka 13 popanda chilolezo cha makolo, ndipo n'chifukwa chake masamba ambiri a mchezo amaika zaka 13 ngati polowera. Malamulo a GDPR a ku Ulaya oteteza zambiri zokhudza anthu, amene anayamba kugwira ntchito mu 2018, amaika zaka 16 koma amalola dziko lililonse kutsitsa mpaka 13. Dziko la Britain linakhazikitsa lamulo la chitetezo cha pa intaneti mu 2023, limene limapatsa makampani udindo woteteza ana. Australia inapita patsogolo kwambiri mu November 2024 pokhazikitsa lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi akaunti pa masamba akuluakulu a mchezo. Ndimamvetsa mantha amene ali kumbuyo kwa malamulowa, ndipo n'koyenera kuti makampani amene amapeza phindu ndi nthawi ya ana anyamule udindo. Komabe malire a zaka amafunsa kuti mwanayo ndi wamkulu bwanji, safunsa kuti malowo anamangidwa bwanji. Mu 2021 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa ana inanena kuti maufulu a ana amagwiranso ntchito pa intaneti, ndipo maufuluwo akuphatikiza kutetezedwa komanso kupeza chidziwitso, kulankhula ndi kusonkhana ndi ena. Zimene Scratch inachita posalola mauthenga achinsinsi zikusonyeza kuti n'zotheka kusunga zonse ziwiri, ngati omanga malowo afuna.

Kwa makolo ndi aphunzitsi, chiletso chokhachokha chili ndi vuto limodzi lalikulu: mwana amene walowa mobisa sangabwere kudzanena zinthu zikavuta, chifukwa kunena n'kudziulula, ndipo zimenezi n'zimene womuopsezayo akudalira. Chothandiza kwambiri ndi kulowa m'chidwi cha mwanayo, kumupempha kuti aonetse zimene akupanga, kudziwa mayina amene anzakewo amagwiritsa ntchito monga mmene timadziwira anzake a kusukulu, ndi kugwirizana naye zinthu zochepa zomveka: kusapereka dzina la sukulu, malo okhala kapena nambala ya foni kwa amene sanatsimikizike, kusatumiza chithunzi chimene sangafune kuti chionedwe ndi ena, ndi kutsimikiza mwayi uliwonse wa maphunziro pa tsamba lenileni la bungwe lotchulidwalo. Ngati ubwenzi wakula mpaka kufuna kuonana, kukumanako kuchitike masana pamalo a anthu ambiri, wamkulu wa pakhomo ali pomwepo, ndipo zimakhala bwino kwambiri kukakhala pa mpikisano kapena pa msonkhano wa chinthu chomwe chinawakumanitsacho.

Zikafika poti mwana akuopsezedwa ndi chithunzi, malangizo a mabungwe oteteza ana amagwirizana: asalipire, chifukwa kulipira kumangobweretsa mapempho ena, asiye kuyankha, koma asafufute mauthengawo, popeza ndi umboni, akanene kwa oyang'anira tsambalo ndi kwa apolisi. Bungwe loteteza ana la NCMEC la ku America lili ndi chida chaulere chotchedwa Take It Down, chimene munthu wa dziko lililonse angagwiritse ntchito pa zithunzi zimene anajambulidwa asanakwane zaka 18. Chithunzicho sichichoka pa foni yake. Chimene chimatumizidwa ndi chizindikiro cha manambala chochokera ku chithunzicho, ndipo makampani amene akutenga nawo mbali amagwiritsa ntchito chizindikirocho kufufuza ndi kuchotsa chithunzicho pa masamba awo. Koma zonsezi zimatheka pokhapokha mwanayo atauzidwa kale, zinthu zisanavute, kuti akabwera ndi nkhani yotere adzathandizidwa, kuti wolakwa ndi womuopsezayo, ndiponso kuti sadzalandidwa gulu la masamu kapena la mbalame limene silinamulakwire.